Mayeso a Entrance Anatha, Chimangirizo Chikadalipo



Ana amene ali mu Fomu 4 masiku ano ukawauza kuti kale munthu ankatha kukhoza MSCE ndi mapointi 12 koma n'kulephera kulowa ku Chanco chifukwa cha mayeso ena a tsiku limodzi, amaona ngati ukuwanamiza. Iwo amangodziwa kuti zotsatira zikatuluka umadzaza fomu ya NCHE n'kumadikira dzina lako. Komatu mayeso a entrance tinakhala nawo zaka zoposa 15, ndipo ena mwa inu anakugonetsani pa simenti kwa achibale ku Zomba. Ndaganiza zolemba mbiri yake tisanaiwale. Ndiilemba moonera kuno kwathu, pakati pa Monkey Bay ndi Makanjira, chifukwa mwana wa kuno chimene chakhala chikumutsekera pakhomo la yunivesite si mayeso a entrance, si kota, koma tsamba limodzi ndi theka la Chingerezi limene timalitcha chimangirizo.

Tiyambire patali pang'ono, paja aphunzitsi a History sitichedwa kubwerera m'mbuyo. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inakocheza ku Cape Maclear itanyamula amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo Dr Robert Laws. Sukulu ya mishoni ya Livingstonia inayambira pa mchenga wa boma lathu lino. Malungo anawasautsa azunguwo, angapo anamwalira, ndipo manda awo alipo mpaka lero pafupi ndi mudzi wa Chembe. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, n'kusiya kasukulu m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba amene anamubatiza. Mu 1894 anakwera ku Khondowe, komwe anakhazikitsa Overtoun Institution. Anthu akamadabwa kuti n'chifukwa chiyani kumpoto kunatsogola pa sukulu, ine ndimawakumbutsa kuti choko chimenecho chinayamba chatsikira kwa ife, kenako chinakweranso sitima.

Kuno mafumu aakulu a Chiyao monga Makanjira, Mponda ndi Jalasi analowa Chisilamu. Sukulu za nthawi imeneyo zinali za mishoni, ndipo kholo linkadziwa kuti mwana akalowa m'kalasi akatulukamo ndi dzina lina ndi chipembedzo china. Ambiri anawakaniza ana awo. Ndimakana munthu akamati umenewo unali umbuli. Ana omwewo ankapita ku madrasa, ankawerenga zilembo za Chiarabu, ndipo ena ankalemba makalata a Chiswahili m'zilembo zomwezo. Vuto linali loti mayeso a boma sanafunsepo zimenezo. Amishoni a UMCA anatsegula masukulu kwa Mponda ndi ku Malindi, koma anali ngati madontho m'nyanja. Boma la atsamunda nalo linadzakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mochedwa, mu 1926.

Sekondale yoyamba m'dziko muno, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940. Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ya boma ya ku Dedza mu 1951. Ana a m'masukulu amenewa ankalemba Cambridge School Certificate. Mafunso ankachokera ku England, mayankho ankakachongedwa komweko, ndipo lamulo linali loti ukalephera English Language satifiketi palibe, ngakhale masamu utawamwa ngati thobwa. Mu pepala limenelo munali chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani. Lamulo loti Chingerezi ndiye kiyi linayambira pamenepo, ndipo talisunga mpaka lero ngati chuma cha makolo.

Kuti muone kutalika kwa njira ya nthawi imeneyo, taganizani za Henry Masauko Chipembere, mwana wa m'busa wa Anglican amene kwawo kunali ku Malindi. Anabadwa mu 1930. Anaphunzira ku Blantyre Secondary School, kenako anawoloka malire kupita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenako ku Fort Hare ku South Africa komwe anatenga digiri chapakati pa zaka za m'ma 1950. Mayiko atatu kuti mnyamata wa ku Malindi avale mkanjo! Pofika 1956 anali atakhala kale mu Legislative Council ku Zomba, akutsutsana ndi azungu m'chilankhulo chawo chomwe. Ankachokera m'banja la mishoni, m'nyumba momwe munali mabuku. Anzake amene ankasewera nawo pagombe njira imeneyo sanaione n'komwe.

University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964 ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri, ndi ophunzira 90 okha. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Mayeso nawo anabwera kumudzi: mu 1969 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lathulathu la mayeso, lomwe poyamba linkathandizana ndi Associated Examining Board ya ku Britain, ndipo mayeso oyamba a Malawi Certificate of Education analembedwa mu 1972. MANEB imene tikuidziwa inabadwa mu 1987. Zaka zonsezi yunivesite inkasankha potengera zotsatira za Fomu 4 basi. Mu 1987 momwemo boma la Kamuzu linalowetsapo kota, kusankha motengera boma limene munthu akuchokera, mpaka Khothi Lalikulu linaikana mu 1993.

Tsono kunabwera 1994. Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ma MCDE anasandulika ma Community Day Secondary School mu 1998, ambiri alibe laibulale, alibe labu, aphunzitsi ake ali ophunzitsidwira ku pulayimale. Masukulu a pulayiveti anamera ngati bowa, ena m'nyumba zimene dzulo lake munali golosale. Likasa nalo linakula. Akuluakulu a yunivesite anayamba kukayika ngati mapointi amene mwana wabwera nawo ndi akedi, ndipo m'zaka za m'ma 1990 momwemo anaika mayeso awoawo, University Entrance Examinations. Zimene zinachitika mu 2000, pamene mayeso a MSCE anathetsedwa chifukwa mapepala anali ponseponse, zinangowapatsa mphamvu yonena kuti mwaonatu.

Mayesowo anali atatu: luso la chilankhulo, luso la manambala, ndi luso la kuganiza. Onse anali osankha yankho pakati pa mayankho angapo, ndipo nthawi inali yochepa dala. Woitanidwa kukalemba anali yekhayo amene anali ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Zotsatira zake ankaziphatikiza ndi za MSCE, n'kutulutsa mndandanda umene tinkaumvera pa wailesi kapena kuufufuza m'nyuzipepala.

Inu a m'zaka zimenezo mukukumbuka mmene tinkakonzekera. Panali mapepala akale ochita kufotokopa mpaka zilembo kufufutika, oti nambala 3 ndi 8 osazisiyanitsa. Pepala limodzi linkayenda kuchoka ku boma kupita ku Namwera, kubwerera, kukafika ku Monkey Bay lili ndi madontho a mafuta a koloboyi. M'matauni munali makalasi olipira, a masabata angapo, ophunzitsa kuthamanga ndi nthawi ndi kuchotsa mayankho olakwika mwamsanga. Mwana wa ku Blantyre kapena ku Zomba ankapita ku makalasiwo wapansi, madzulo n'kukadya nsima kwawo. Wa kwathu ankayenera kupeza ya basi, ya makalasi, ya chakudya, ndiponso wachibale wa ku Chinamwali kapena ku Matawale womulola kuyala mphasa pabalaza. Kuchokera pa boma kukafika ku Zomba ndi makilomita opitirira 100 kudzera ku Liwonde. Wa kwa Makanjira ankayamba wakwera matola tsiku lathunthu kuti angofika pa boma. Ndikudziwa banja lina limene linagulitsa mbuzi ziwiri chifukwa cha ulendo umenewu, ndipo ndikudziwanso mtsikana wina amene anali ndi makirediti onse koma sanapite, chifukwa mbuzi zogulitsa panalibe.

Zimenezo ndi zimene aliyense ankaziona. Chimene ambiri sankachiona ndi ichi. Mu entrance munalibe chimangirizo, ndiye ana ankapuma kuti Chingerezi chatha, tsopano ndi nzeru zokhazokha. Bodza. Mapepala onse atatu anali a Chingerezi. Funso la manambala linkabwera ngati kankhani, ndipo mwana wodziwa bwino kugawa ndi kuchulukitsa ankagwa chifukwa sanamve kusiyana kwa "at least" ndi "at most". Funso la kuganiza linkati mawu awa akugwirizana ndi awa monga awo akugwirizanira ndi ati, ndipo ngati mawu awiri mwa anayiwo sunakumanepo nawo, nzeru zako zilibe pogwira. Ndi nthawi yochepa ija, amene ankawerenga chiganizo kamodzi n'kumva ankamusiya kutali mnzake wowerenga katatu akutanthauzira mumtima. Pa ana amene ndinawaphunzitsa, amene mayina awo ndinawamva pa wailesi anali pafupifupi omwe aja amene makope awo a chimangirizo ndinkawawerenga mosangalala. Makalasi a ku tauni ankawonjezera liwiro kwa amene anali nacho kale Chingerezi. Sankatha kuthira m'masabata anayi zimene zinasowa zaka zinayi. Paja akuluakulu anati m'mera m'poyamba.

Tikhalepo pang'ono pa chimangirizochi, poti ndi pamene pagona nkhani. Pa MSCE mwana amasankha mutu umodzi, kaya kalata, lipoti, zoyankhula pamsonkhano kapena nkhani yopeka, n'kulemba mawu pakati pa 350 ndi 500. Zikuoneka zochepa. Koma taganizirani ulendo umene chiganizo chimodzi chimayenda m'mutu mwa mwana wa kwa Jalasi kapena kwa Chowe. Kunyumba amayankhula Chiyao. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko, mibadwo ya ana a kuno yakhala ikulowa Sitandade 1 n'kukumana ndi chilankhulo chachiwiri, kenako pa Sitandade 5 n'kuuzidwa kuti tsopano zonse ndi m'chachitatu. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chiyambire Sitandade 1, koma amene mumalowa m'makalasi a pulayimale mukudziwa chimene chimayankhulidwa m'menemo. Ndiye mwanayo amaganiza m'Chiyao, amadutsira m'Chichewa, n'kutsikira m'Chingerezi. Pa mlatho uliwonse katundu wina amagwera m'madzi.

Zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka, ndipo zili ndi chifukwa. Chichewa ndi Chiyao sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndiye amayi amayamba ndime ali "she" n'kuimaliza ali "he". Zilankhulo zathu zilibe "a" ndi "the", ndiye mwana amazisiya kapena amazimwaza ngati feteleza. L ndi R kwa ife ndi abale a mimba imodzi, ndiye "pray" ndi "play" zimasinthana mipando, nthawi zina mochititsa manyazi. Nkhani imayamba m'nthawi yakale, pofika ndime yachitatu yalowa m'nthawi yatsopano. Mwana wolakwitsa zimenezi si mbuli. Akungotsatira malamulo a chilankhulo chimene amachidziwa bwino. Zimatha pokhapokha akamawerenga kwambiri ndi kulemba kawirikawiri, wina n'kumamuonetsa pamene waphonya.

Apa ndi pamene masamu amatikanira aphunzitsife. Kalasi ya ana 100, chimangirizo chilichonse kuchonga bwinobwino mphindi 10, ndiye kuti mphindi 1,000, pafupifupi maola 17. Imeneyo ndi kalasi imodzi, ntchito imodzi. Mphunzitsi wa Chingerezi wa pa CDSS amakhala ndi makalasi atatu kapena anayi, kuphatikizapo phunziro lina limene anangomupatsa chifukwa palibe wina. Mapeto ake ana amalemba chimangirizo kamodzi kapena kawiri pa teremu. Mwana amafika pa mayeso a MANEB atalemba zimangirizo zosakwana 20 moyo wake wonse wa ku sekondale, pomwe mnzake wa ku sukulu yogonera konko, ya ana 40 m'kalasi ndi laibulale, amalemba sabata iliyonse. Sindikunyoza aphunzitsi. Ndikungowerengera maola.

Poti nthawi palibe, kunabwera njira yachidule: kuloweza. Amene munachongako mayeso mukudziwa zimene ndikunena. Umatsegula mapepala a senta imodzi n'kupeza ana 30 onse anadzuka m'mawa dzuwa likuwala, mbalame zikuimba, mtima ukugunda ngati ng'oma, kaya mutu ukunena za ngozi ya basi kaya za chisankho cha komiti ya chitukuko. Ndime yoyamba imakhala yosalala ngati ya m'buku, yachiwiri n'kugwera m'dzenje. Wochonga sachedwa kuona pamene pathera za eni ake n'kuyamba za mwanayo, ndipo akaona amataya chifundo.

Matenda amenewa si athu okha. Ku America kuli mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT. Mu 2005 anawonjezeramo chimangirizo cha mphindi 25. Mphunzitsi wina wa ku Massachusetts Institute of Technology, Les Perelman, anaonetsa kuti zimangirizo zazitali ndi zimene zinkapeza malikisi ambiri, ngakhale mfundo zake zitakhala zabodza, ndipo makampani okonzekeretsa ana anayamba kuphunzitsa kudzaza tsamba ndi mawu akuluakulu. Mu 2016 anachisandutsa chosakakamiza, ndipo mu 2021 anachichotsa kwa olemba ambiri. Ngakhale kumene kuli ndalama ndi makompyuta, chimangirizo cha pa mayeso chikakhala ndi mphotho yaikulu anthu amafuna pozembera. Kusiyana kwake n'koti mwana wa ku Boston amazembera m'chilankhulo cha amayi ake.

Tibwerere kwathu. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linabwezeretsa kota, ati kuti mwayi ukhale wofanana, ndipo boma lililonse linkatsimikiziridwa malo 10 poyambira. Dziko linagawikana. Kumpoto anati akulangidwa chifukwa cholimbikira sukulu, ndipo ine sindinganene kuti dandaulo lawo linali lopanda pake. Kuno ambiri anaombera m'manja poganiza kuti boma la anthu ochuluka ngati lathu, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu opitirira 1.1 miliyoni, lipindula. Ena anapinduladi. Koma kota inkagawa malo pakati pa amene afika kale pakhomo, a makirediti 6 ndi Chingerezi chomwe. Wa 7 m'Chingerezi inalibe naye ntchito. Chinanso, inkayang'ana kumene munthu amachokera, osati kumene anaphunzira. Mwana wobadwira ku Area 47, wophunzira pa sukulu yodula, amene ku Mangochi amangobwera pa Khirisimasi kudzasambira ku nyanja, ankatha kulemba kuti kwawo ndi kuno chifukwa ndi kwa makolo ake, n'kupikisana ndi wa pa CDSS ya kwa Nankumba pa malo omwewo. Kota inathetsedwa mu February 2020. Kwa ana ambiri amene ndinkawaphunzitsa, kubwera kwake ndi kupita kwake zinangomveka pa wailesi.

Entrance inali itapita kale. National Council for Higher Education inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo pofika 2015 inali itayamba kuyendetsa kasankhidwe ka mayunivesite onse a boma pamodzi, popanda mayeso apadera. Mayunivesite nawo anachuluka: Mzuzu University inalandira ophunzira oyamba mu 1999, Bunda inakhala LUANAR, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inakhala MUBAS, makoleji a zaumoyo n'kukhala KUHeS. Ine ndinakondwa kuti entrance yatha, chifukwa mbuzi zija zinapulumuka. Koma katundu yense anabwerera pa mutu wa MSCE, ndipo tinaona kulemera kwake mu Novembala 2020 pamene mayeso anathetsedwanso chifukwa cha kubedwa, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Tsopano palibenso mpata wachiwiri woti mwana aonetse zimene ali nazo. Akhoza kutenga 1 m'masamu, 2 mu Biology, 2 mu Agriculture, koma 7 ya Chingerezi ikangokhalapo, fomu ya NCHE ilibe ntchito. Chaka chilichonse ndimakhala ndi mmodzi kapena awiri otere. Ena amabwereza. Ena samabwerera.

Ndipo kuno osabwererawo ali ndi kopita. Mnyamata akalowa m'bwato la chilimila usiku umodzi wa kauni amabwera ndi ndalama m'thumba m'mawa. Mkulu wake ali ku Joni, watumiza foni ndi malata. Iwe mphunzitsi ukumuuza kuti akonze "he" ndi "she" kuti mwina patatha zaka 6 adzapeze ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mnyamatayo sakulakwa kuwerengera kwake. Mtsikana naye amakhala ndi omufunsira asanamalize Fomu 2.

Zimene ndimachita masiku ano ndi zazing'ono. Ndimayambira Fomu 1, osadikira Fomu 4. Lachisanu lililonse tsamba limodzi, pa zinthu zimene mwanayo akuzidziwa kuposa ine: mmene siginala amaitanira usipa ndi nyali, mmene amayanikira pa thandala, mmene mtengo umasinthira mwezi ukawala, zimene zimachitika pakhomo tsiku la Eid. Mwana akamalemba zimene akuzidziwa sataya mphamvu posaka mfundo, zonse zimapita ku chilankhulo. Sindichonga zonse. Sabata ino tikusaka "he" ndi "she" basi, ya mawa nthawi ya aneni, ndipo amayamba asinthana makope okhaokha ndisanaone. Motero maola 17 aja amatsika kufika pa 4 kapena 5. Anzanga a ku St Michael's, ku Lisumbwi kapena ku Mangochi Secondary mwina muli ndi njira zabwino kuposa iyi, ndipo ndingakonde kuzimva.

Chosowa chachikulu ndi chowerenga. Inu amene muli m'maofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimene mumataya mukawerenga, musamazipereke zonse kwa ogulitsa mandasi. Mangani mtolo, muphatikizepo mabuku ankhani amene ana anu anamaliza, mupatsire aliyense wobwera kuno. Ngati wina anasungako mapepala akale a entrance, amenewonso ndikuwafuna. Anga anadyedwa ndi chiswe, ndipo ana a Fomu 4 akufuna aone ndi maso awo kuti akhulupirire kuti mayesowo analikodi.